Ndabwerako ndi katoni yopanda kanthu

Loweruka usiku. Magetsi azima cha m'ma 6 koloko, ndiye ndikulemba pafoni imene moto wake watsala pang'ono. Ana agona. Mayi awo akunamizira kugona, koma ndikudziwa kuti akundiseka chamumtima. Pansi pa bedi pali katoni ya sopo imene ndinaiboola ndi msomali dzulo kuti muzilowa mpweya. Mkati mwake muli chitenje chakale basi. Galu mulibe.

Vuto ndinaliputa ndekha mu October. Mwana wathu wamkulu, mtsikana wa Sitandade 4, ankangokhalira kwa aneba chifukwa cha galu wawo, kuitana mpaka mawu kusasa kuti abwere adzadye. Ndiye ndinalankhula monga timalankhulira makolo tikafuna mtendere: "Ukakhoza mayeso, pa Khirisimasi ndikupezera kagalu kakokako." Ndinkati aiwala. Sanaiwale, ndipo wakhala nambala 3. Mlongo wake wa zaka zisanu wapeza kale dzina, akuti Tiger. Ngati kuti a Tiger achepa m'boma la Dedza muno, poti ukangoimba mluzu n'kutchula dzinali amatuluka agalu anayi.

Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti galu wa amayi ake waswa ana asanu ndi mmodzi, kumudzi kupitirira Bembeke. Lero ndinalawira, minibasi mpaka pa Bembeke, kenako kabaza wa njinga yamoto m'matope, katoni ndaifumbata pachifuwa ngati ndanyamula mazira.

Agogowo ndinawapeza pakhonde, miyendo atatambasula pamphasa, akusadzula nkhwani. Titapatsana moni anandilozera kuseri. Tiagalu tinali pansi pa nkhokwe, nkhokwe yake yopanda ngakhale chitsononkho. Make anali gone chammbali, nthiti zochita kuwerengeka, mawere ali lendelende, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Kamodzi kofiirira, ka banga loyera pachifuwa, kanasiya anzake n'kubwera chopepesuka kudzakoka chingwe cha nsapato yanga. Nditakanyamula kanakwana m'manja awiri, kofunda, konunkhira mkaka ndi utsi, kamimba kali tumbi ngati kameza ndimu. Kanandinyambita chala. Basi, mtima unagwa pomwepo.

"Agogo, ine ndatenga aka."

"Mwatenga? Wakupatsani ndani?"

Ndinaseka, ndinkati ayamba kunenerera mtengo. Ndinapisa m'thumba.

"Bwezerani ndalama zanuzo, bambo. Tianati tinabadwa sabata imene inagwa mvula yodzalira, pano tangokwana masabata asanu. Mukufuna mukachotse kubere kuti kakakhale chidole cha Khirisimasi?"

Ndinafotokoza mwaulemu kuti ndinalonjeza ana, ndipo mwana wakhoza bwino kusukulu.

"Munalonjeza ndinu. Galuyu sanalonjeze munthu."

Kenako anaika lichero pansi n'kuyamba kundifunsa ngati ndili pabwalo la amfumu. Nyumba mukukhalayo ndi yanu kapena ya lendi? Ya lendi, agogo. Eni nyumba mwawauza? Ndinayang'ana kumbali. Mpanda ulipo? Ulipo wa udzu, kungoti mbali ina inagwa ndi mphepo. Aneba ali ndi nkhuku? Ali nazo, zina zili ndi anapiye. Nanga masana pakhomo pamatsala ndani? Apa ndinayamba kuwerenga ndekha: ine kuntchito, mayi a ana kumsika ku geni yawo, ana kusukulu.

"Ndiye kuti mukakamangirira pamtengo wa pichesi tsiku lonse, kazikalira, aneba azikutukwanani, mapeto ake mukamasule kazikadzionera kokha. Nanga mu February kadzadya chiyani?"

Ndinati madeya, ndi makombo a nsima.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Madeya? Mwezi umenewo madeya timalimbirana anthu pachigayo. Makombo amatsala nthawi yokolola, bambo. Muoneni make uyo. Ndimam'konda, koma taonani nthitizo."

Akuti chaka chatha kunabwera bambo wina wa m'boma, wovala bwino ngati ine, ananyamula tiwiri nthawi ngati yomwe ino. Pofika Isitala mdzukulu wawo anakamuona mmodzi akufunkha m'zinyalala kumsika, khutu litadyeka ndi nkhupakupa. Winayo sakudziwika komwe anathera. Kuyambira pamenepo agogowo analumbira kuti galu wawo sadzaperekanso kwa munthu wobwera ndi katoni mwezi wa December.

Kunena zoona ndinapsa mtima. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndalipira minibasi, ndalipira kabaza, buluku lonse matope, n'kumafunsidwa ngati mwana amene waba shuga. Mumtima ndinkati agalu ali mbwee dziko lino, ena amachita kukukakamiza m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, nanga uyu ndi wagolide? Ndinabweza kagaluko pansi pa nkhokwe, n'kusasa buluku kuti nditsanzike. Ndipamene anandiponyera funso limene landilanda tulo:

"Koma bambo, galuyu akumufuna ndi anawo kapena inuyo?"

Ndinayankha msanga kuti ndi ana. Msanga kwambiri.

Kwathu ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano, ndipo tinali ndi galu dzina lake Ndatopanazo. Anamutcha ndi amayi. Kale dzina la galu linali kalata yopita kwa mnansi amene simukumwerana naye madzi: madzulo amayi akaima pakhomo n'kukuwa kuti "Ndatopanazo! Ndatopanazo!", mwini nkhani ankamva yekha ali kwake. Ine za akuluakuluzo sizinkandikhudza. Ndinkangodziwa kuti galuyo ankandiperekeza kusukulu mpaka pamlatho, ndipo m'nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Tsangano kuja kolowa m'mafupa, ndinkazemba usiku kukam'funditsa chiguduli. Ndili Sitandade 3 m'mudzi munalowa galu wachilendo masanasana, dovu lili chuchuchu, akuluma chilichonse. Anam'luma Ndatopanazo pakhosi. M'mawa mwake amalume anam'manga chingwe n'kutsikira naye kudambo. Anabwerako ndi chingwe chokha. Palibe anandifotokozera kanthu, anangoti mwamuna salirira galu. Chichokereni tsiku limenelo sindinawetenso galu, ndipo sindinkadziwa kuti nkhaniyi ikadali m'mimba mpaka lero pamene kanthu kofiirira kaja kanandinyambita chala.

Ndikudikira minibasi pa Bembeke, pakati pa amayi ogulitsa mbatata ndi tomato, ndinaimbira mlangizi wa ziweto amene timapemphera naye. Ndinkafuna munthu wondiikira kumbuyo, woti anene kuti agogowo akungovuta. Iye anangoti, "Achimwene, agogowo akanakhala pa ofesi pathu bwenzi ntchito ikuphweka." Akuti kagalu sikayenera kuchoka kwa make kasanakwane masabata 8, chifukwa kupatula mkaka, ndi nthawi imene kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma kuli ndi malire. Kamimba kotupa kamene ine ndinkati n'kukhuta, akuti kawirikawiri zimakhala njoka zam'mimba, ndipo tiagalu timafunika mankhwala ake masabata awiri aliwonse mpaka titakwana miyezi itatu. Palinso matenda a parvo, otsegula m'mimba mwamagazi, amene amapululutsa tiagalu m'masiku ochepa. Katemera wake ndi wogula ndipo sabaya kamodzi. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu n'kumabwereza chaka ndi chaka. Anandikumbutsa kuti 28 September ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, ndipo ine ndinachita manyazi chifukwa zilengezo za katemera wa agalu ndakhala ndikuzimva pawailesi zaka zonsezi ngati nkhani ya anthu ena.

Za chiwewe anakhalitsapo, mpaka mayunitsi anga kutsala pang'ono kutha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 odwala chiwewe, pafupifupi 99 amachitenga kwa agalu, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Anati ndiwaphunzitse ana kagaluko kasanafike n'komwe kuti akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu aliyense asabise poopa kukalipidwa, anene nthawi yomweyo, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinaganiza za mnyamata wanga uja, amene anabisa chilonda cha msomali masiku atatu poopa jakisoni. Ndinaganizanso za amalume. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona ngati munthu wouma mtima.

Chimene chinanditsiriza ndi masamu. Galu wosamalidwa amatha kukhala zaka 10 mpaka 13. Mtsikana wanga ali ndi zaka 9. Adzalemba mayeso a Sitandade 8, adzapita kusekondale mwina yogonera konko, adzamaliza Folomu 4, galuyo akadali pakhomo akudikira mbale yake. Wom'phikira adzakhala ndani? Woolera zonyansa zake pabwalo m'mawa uliwonse? Mayi a ana anandiuziratu mu October momwemo kuti dzanja lawo silidzakhudza fosholo. Lero nditalowa ndi katoni yopepuka anangoisuzumira, n'kundiyang'ana kuyambira kumatope a nsapato mpaka kumutu.

"Bambo a ana, walira mvula walira matope. Inu matope mwabwera nawo, nanga mvulayo ili kuti?"

Iwo maganizo awo ndi oti tigule mpunga ndi nkhuku monga mwa nthawi zonse, nsapato za sukulu zikhale mphatso, ana tiwauze zoona. Agogo aja nawo potsanzikana anafewako pang'ono. Anati ndikabwere nawo anawo Khirisimasi ikadutsa kuti akawaone, akuti akaona mmene mwana wanyamulira kagalu amadziwa ngati pakhomopo galu angakhale. Akakhutira, kofiirirako akandisungira mpaka masabata 8 akwane. Ndawerenga pakalendala: ikugwera kumayambiriro kwa January, nthawi imene sukulu ikutsegulira, lendi ikudikira, kumunda kukufunika feteleza wobereketsa. Mwezi umene ngakhale khoswe amasamuka m'nyumba mwathu.

Komabe mwana ndinamulonjeza za Khirisimasi, osati za January. Iye mbali yake wachita. Ndikamuuza kuti adikire, kodi adzamva kuti ndikusamala kagaluko, kapena adzangomva kuti mawu a adadi ndi ngati a anthu ofuna mavoti? Ndipo ndikapita nawo kwa agogo kuja iwo n'kukana, ndibwerera nawo bwanji ana awiri akulira pakabaza?

Madzulo ano tikudya, mnyamata anaitulukira katoni ija ndisanaibise bwino. "Adadi, mabowowa ndi a chiyani?" Ndinati ndi yoikamo tomato wa amayi ako kuti asaole. Iye anakhulupirira. Mchemwali wake sananene kanthu. Anangotambasula dzanja n'kutola kaubweya kofiirira pa juzi yanga, n'kukayang'anitsitsa pafupi ndi kandulo, kenako anakaika m'thumba la diresi lake.

Nambala ya eni nyumba ndaitsegula katatu usiku uno osaimba. Ndi munthu wovuta pa nkhani ya maluwa ake a kumaso kwa nyumba. Mvula yayamba kuwaza pamalata, galu wa aneba akuuwa, wina akumuyankha cha kuphiri. Pansi pa nkhokwe paja sindinaonetsetse ngati madzi salowa.