Sabata yosaka RAM yosowa

Lolemba m'mawa kunabwera bambo ena atanyamula kompyuta ya ku ofesi kwawo, nkhope itachita tsinya. "Amisiri, ndagula RAM ya 8 GB, ndaika ndekha, koma makinawa akuti yogwiritsa ntchito ndi 3.2 GB basi. Andigulitsa zachinyengo kodi?"

RAM ndi kachipangizo kamene kompyuta imasungirapo zinthu kwakanthawi pamene ikugwira ntchito. Bokosi sindinatsegule. Ndinayamba ndalowa mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke, ndipo 8192 MB yonse, imene ndi 8 GB, inali poyera. Apo ndinadziwa kuti wogulitsayo sanalakwe, nkhani ili kwa Windows. Inalidi Windows 7 ya 32-bit. Windows yotere imatha kuloza malo okwana 4 GB okha, ndipo pa malo omwewo khadi ya zithunzi ndi zipangizo zina za pa motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo, zimadulapo gawo lawo. Zotsalazo ndi zimene RAM imalandira. Bambowo anafunsa ngati pali podina kuti isanduke 64-bit, imene ilibe malire a 4 GB amenewa. Palibe. Umayenera kuika Windows mwatsopano, choncho Lachiwiri lonse linathera pokopera mafayilo awo ndi kusakasaka madiraiva a pulinta yawo yakale.

Lachitatu kunali kopepuka. Laputopu ina inkabisa theka la RAM chifukwa mu msconfig, posinthira kayambidwe ka Windows, wina anachonga pa kabokosi ka Maximum memory. Ndinachotsa chizindikirocho, kuzimitsa, kuyatsa, yatha. Zimandiwawa kuti mavidiyo ambiri a pa intaneti amauza anthu kuchonga pamenepo ati kuti kompyuta izithamanga, chonsecho kabokosiko ntchito yake ndi kuikira Windows malire, osati kuwonjezera kanthu.

Imene inandikhetsa thukuta ndi ya Lachinayi. Kompyuta ya patebulo, Windows 10 ya 64-bit, ma RAM awiri a 8 GB. Task Manager, poonera mmene Windows ikugwiritsira ntchito RAM, inkasonyeza kuti pafupifupi 8 GB ili pa Hardware reserved, kutanthauza kuti Windows singaigwiritse ntchito, pamene CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zipangizo za m'kompyuta, inkawaona onse awiri bwinobwino. Ndinawazula, kupukuta mano ake agolide aja, kubwezeretsa mpaka timaloko ta m'mbali titalira kuti tha. Osasintha. Iliyonse payokha inadutsa MemTest86, pulogalamu yoyezera RAM, popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati, "Bwana, tingowauza kuti motherboard yapita." Ndinangotsala pang'ono kuvomera.

Chinandibweza ndi mawu a mwini wake, akuti anasintha yekha purosesa, ubongo wa kompyuta, mwezi wathawu. M'makompyuta a masiku ano chowongolera RAM chili m'kati mwa purosesa momwemo, ndipo pa soketi za LGA za Intel, mtundu wa pokhalira purosesa, timapini tili pa motherboard, purosesa imangokhala pamwamba pake. Kapini kamodzi kakapanda kukhudza, njira yonse yopita ku RAM imodzi ikhoza kutsekeka. Ndinachotsa fani, kunyamula purosesa, mnyamata uja atandiunikira ndi tochi cham'mbali. Mizere yonse inkanyezimira mofanana, kupatula kapini kamodzi chakungodya kamene kanali katagona. Ndinakadzutsa ndi singano, ndikuyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, mpweya nditaugwira, chifukwa kakathyoka palibenso chochita.

Ndinatsiriza kumanga madzulo kutada, ndipo kuyatsa ndinakusiyira Lachisanu. Mnyamata uja ndiye anadina batani. Windows itatseguka anathamangira ku Task Manager, n'kuwerenga mokweza kuti 15.9 GB. Anandiyang'ana n'kufunsa kumene kwapita kotsalako. Ndinamuuza kuti akhale pansi, alowe yekha mu BIOS, aone gawo limene lapatulidwira zithunzi.