Tsiku lomwe mtsikana wa kampeni ya Ilhan Omar anagogoda pakhomo panga

Kunali kotentha tsiku limenelo, mwezi wa Julaye 2016, ine ndangogona kumene nditachoka ku naiti shifiti, kenako go go go pachitseko. Nthawi imeneyo ndinkachita lendi kachipinda kufupi ndi Cedar-Riverside ku Minneapolis, dera lija lili ndi zinyumba zitalizitali za Riverside Plaza zokhala ndi timabokosi tamitundumitundu pakhoma, komwe kumakhala a Somali ambiri mpaka ena amangokutcha Little Mogadishu. Kutsegula chonchi, kamtsikana ka pa yunivesite kanyamula mapepala, akuti tikufuna mudzavotere Ilhan Omar pa ma primary a DFL pa 9 Ogasiti. Ndinamuuza kuti achemwali ine sindine nzika, sindivota, ndimaganiza kuti basi azipita. Ayi ndithu, anayamba kundifunsa za lendi, ngati basi yopita kuntchito imabwera pa nthawi yake, nkumalemba. Ine mumtima nde kumadikira kuti mwina pamapeto atulutsa kansalu kapena ka sopo, mukudziwa mmene tinazolowera kwathu. Anangondisiyira kapepala basi.

DFL ndi dzina la chipani cha Democrat ku Minnesota kuno. Mpando omwe ankalimbirana sunali wa ku Washington ayi, unali wa nyumba ya malamulo ya state, ku St. Paul, komwe kuli aphungu 134 ndipo aliyense amakhala zaka ziwiri zokha nkubwereranso kwa anthu. Dera lathu linali 60B. Nde kuderali a Republican alibe mphamvu olo pang'ono, amene wawina ma primary a DFL ndiye kuti watenga mpando, za chisankho chachikulu cha Novembala zimangokhala zamwambo.

Amene anali pampando anali mayi Phyllis Kahn, ndipo apa mpamene nkhani imandisangalatsa. Mayiwa analowa mnyumbamo mu 1973, Ilhan asanabadwe nkomwe poti iye ndi wa 1982. Zaka 44! Komanso sanali munthu ongokagona pampando, anali ophunzira kwambiri za sayansi, digiri yawo yaikulu anatengera ku Yale, ndipo lamulo la 1975 loletsa kusuta fodya paliponse mmalo a anthu ambiri ku Minnesota analitsogolera ndi iwowo. Tikanati tiyeze ndi zaka zokhala mnyumba ya malamulo basi, mpikisano panalibe. Mdala wina yemwe ndinkagwira naye ntchito ankati mwana ameneyu akufuna kugwetsa mlambe ndi kampeni ka mbatata, ine ndinaseka chifukwa kampeni kameneko ndi kampeni kuwiri konse.

Koma pambuyo pake nditayamba kufufuza ndinaona kuti mwanayo sanali mlendo pa ndale ngati mmene ankaonekera. Anabadwira ku Mogadishu, nkhondo itavuta banja lawo linathawira ku Kenya komwe anakhala ku kampu ya othawa kwawo zaka zinayi, ku America anafika mu 1995, poyamba ku Virginia kenako ku Minneapolis. Ali ndi zaka 14 ankaperekeza agogo ake aamuna ku misonkhano ya chipani ya mmadera, ija amati caucus, kukawatanthauzira Chingerezi. Tangoganizani, anzake akusewera iye ali mu holo kumvetsera akuluakulu akukangana za ma delegeti. Anamaliza sukulu ku North Dakota State University mu 2011, anagwirapo ntchito yophunzitsa anthu za kadyedwe kabwino pansi pa University of Minnesota, mu 2012 anayendetsa kampeni ya Kari Dziedzic wa ku senate ya state, mu 2013 nkuyendetsanso ya Andrew Johnson wa ku khonsolo ya mzinda ndipo atawina anakhala omuthandiza pa za mfundo. Ndiye kuti pofika 2016 anali atanyamulira anthu ena chikwama kokwanira, amadziwa kuti mavoti amawerengedwa bwanji, amabisala mu nyumba ziti, ndani amene ukamukopa amabwera ndi anthu khumi pambuyo.

Ndipo sizinali zofewa. Mu Febuluwale 2014 pa caucus ina ku Cedar-Riverside komweko kunabuka ndewu pakati pa otsatira mayi Kahn ndi otsatira Mohamud Noor yemwe ankalimbirana nawo mpandowo, Ilhan anamenyedwa mpaka kuvulala mmutu kupita kuchipatala. Amene amaganiza kuti zogendana pa ma primary nza kwathu kokha, ayi, kunonso zinachitikapo.

Chomwe anthu ambiri amalakwitsa akamanena nkhaniyi nchoti amangoti a Somali anavotera mwana wawo basi. Sizinali choncho kwenikweni. Mu mpikisanowo munalinso Noor yemweuja, m-Somali mnzake, bambo odziwika bwino mderalo amene anapikisanapo kale ndi mayi Kahn mu 2014 nkuluza. Ndiye mavoti a a Somali anagawikana, ndipo mayi wina oyandikana nane ogulitsa tiyi ndi masambusa ankandiuza kuti kunyumba kwake kwenikweniko kunalibe mtendere, bambo mbali ina, iye ndi ana ake aakazi mbali ina. Ilhan anayenera kusaka anthu kwina, ndipo anawapeza kwa ana a pa University of Minnesota, yomwe ili mdera lomwelo, ndi kwa azungu a mmadera ozungulira amene anaona kuti nthawi yakwana yoti pakhale wina. Vuto la ana asukulu nloti Ogasiti ndi holide, ambiri amakhala atapita kwawo, nde kuti uwapeze, uwalembetse, uwakumbutse tsiku, ndi ntchito ya miyendo yeniyeni. Kamtsikana kanandidzutsa kaja kanali kamodzi mwa miyendo imeneyo.

Ku convention ya chipani ya mu Epulo chaka chomwecho Ilhan anatsogola koma sanafike pa 60 peresenti yomwe imafunika kuti chipani chikuvomereze, nde onse atatu anapita ku ma primary. Usiku wa pa 9 Ogasiti ine ndinali kuntchito, foni mthumba, kumangosuzumira mobisa. Anawina ndi mavoti pafupifupi 2,400, enawo aliyense anapeza 1,700 ndi kanthu. Ndinayang'ana manambalawo kawiri. Mavoti 2,400 okha, anthu osakwana kudzaza mbali imodzi ya Kamuzu Stadium, ndi amene anachotsa munthu wa zaka 44 pampando. Mu Novembala anawina mosavuta ndipo mu Januwale 2017 analumbira kukhala phungu oyamba ochokera ku Somalia mu nyumba ya malamulo ya state mu America muno.

Sanakhalitsepo, mu 2018 anasankhidwa kupita ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, ndipo mpando wa 60B anautenga ndi Noor yemweuja. Masiku ano dzina lake ukangolitchula anthu amagawikana pompo, ena amamukonda kwambiri ena safuna nkumva komwe, ineyo pali zina zomwe amayankhula zomwe sindigwirizana nazo. Koma zimenezo nza Ilhan wa pa TV. Wa 2016 uja ndimamukumbukira ndi kapepala kaja, ndinakamata pa filiji ndipo kanakhala pamenepo mpaka tsiku losamuka. Nditatenga unzika zaka zingapo pambuyo pake, chisankho choyamba kuvota chinali ma primary a mu Ogasiti, pamzere tinalipo anthu anayi basi, ine ndi agogo atatu, mmodzi atabwera ndi mdzukulu wake omuwerengera pepala.