Makope a bambo apulumuka, zikomo nonse

Abale ndi alongo a ku Mulanje kuno, ndi inu muli kutali, ntchito yokopera makope a bambo pa kompyuta yatha. Ndati ndithokoze poyera.

Ambiri mumawadziwa bambo ngati mphunzitsi wopuma woyenda panjinga. Kuyambira ali pantchito ankakhala pamphasa ndi nkhalamba, iwo n'kumalemba. Analemba momwe makolo athu Alomwe anaolokera Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagweranso m'thangata m'minda ya azungu. Mabuku amangoti tiyi anayamba kubzalidwa kuno m'zaka za m'ma 1890. Koma amene anazula zitsa, amene anagumulidwa nyumba atakana thangata, nyimbo zimene ankaimba pothyola tiyi, zonsezo zili m'makope a bambo.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope analowa m'nyumba, bokosi la makope n'kumira. Achimwene amene munalivuula madzi akulekeza m'chiuno, Mulungu akudalitseni. Inu amayi akumpingo, ndilibe mawu. Chimanga chanu chinali chitapita ndi madzi, ena mukugona kusukulu, koma munakhala pansi kumatula masamba limodzilimodzi, kuwayala m'malichero, kutsindira ndi timiyala kuti mphepo isawaulutse. Simunafunse ngakhale ya sopo.

Pomwe inki inasungunuka tinabwerera kwa agogo amene akadali moyo, ndipo anafotokozanso osatopa. Agogo, mwatisungira mtundu. Achinyamata amene munkataipa mukaweruka kusukulu, ndinakuonani mukutsutsana za kalembedwe ka mawu a Chilomwe, mtima wanga unadzaza. Zikomonso mfumu potipatsa bwalo.

Mu 2025 UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, potengera miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Bambo anamvera pawailesi, misozi ili mbwee. Kope lawo lina lonse ndi la phirili: nsembe, Dziwe la Nkhalamba, Sapitwa, ndi lamulo lija loti ukapeza chakudya cha mizimu udye wekha osaitana mnzako.

Maso a bambo afooka, ndiye timawawerengera, iwo n'kumatikonza. Mpukutu umodzi tasiya kwa mfumu kuti aliyense awerenge. Masamba okhawo amene anafufutikiratu ndi a Napolo wa ku Phalombe wa 1991. Ngati kwanu kuli wamkulu amene anaona tsikulo ndi maso ake, tiuzeni tibwere.