Siteshoni ya ku Kanengo ndi sitima zake za katundu

Tsiku lina mwana wa mchemwali wanga, amene anabadwira ndi kukulira muno mu Lilongwe, anandifunsa ngati mumzinda muno muli siteshoni ya sitima, ndipo funsolo linandikhudza chifukwa ine ndimagwira ntchito ku Kanengo, kumene njanjiyo ndimaiona m'mawa uliwonse. Siteshoni ilipo ndithu, ili pakati pa mafakitale, kufupi ndi okushoni ya fodya, nkhokwe zikuluzikulu za chimanga ndi mathanki osungira mafuta a boma, koma anthu ambiri a ku Kawale, Biwi kapena Area 25 sanapondepo phazi.

Njanji inachedwa kufika kuno. Ku Blantyre inafika mu 1908, ndipo pofika 1935 inali itakafika ku Salima, kumene inathera kwa zaka zoposa makumi anayi. Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, boma la Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi dziko la Canada, linaiwonjezera kuchokera ku Salima kukwera mtunda mpaka ku Kanengo, ndipo inatsegulidwa mu 1979 isanapitirire ku Mchinji. Chigawo cholumikiza Mchinji ndi Chipata ku Zambia chinadzamalizidwa mu 2010. Kuyambira 1999 sitima zathu zakhala m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, imene inatenga ntchito ya Malawi Railways.

Sitima zofika ku Kanengo ndi za katundu, monga feteleza ndi mafuta ochokera kudoko la Nacala ku Mozambique, zodzera pa Nayuchi ndi Nkaya. Mlatho wa Rivirivi utakokoloka ndi madzi mu 2003, mzinda wathu unadukana ndi kum'mwera panjanji kwa nthawi ndithu, ndipo katundu wambiri anasamukira pamsewu. N'chifukwa chake sitima ya mafuta itafikanso mu 2024, patapita zaka zambiri, anzanga ena anasiya ntchito m'manja n'kukaima kumpanda kuti awerenge mabogi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti sitima ya anthu imayenda kum'mwera kokha, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Ndinaikwerapo kamodzi kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka, ndipo ndinaona amayi akukweza madengu a tomato, matumba a chimanga ndi nkhuku zomanga miyendo pamtengo umene minibasi singalole, pamene ana pamasiteshoni ang'onoang'ono ankagulitsa nthochi ndi chinangwa kudzera pazenera. Mayi wa ku Salima wobwera ndi usipa kumsika wa ku Lilongwe, kapena mlimi wa mtedza wa ku Mchinji, akusowa ulendo wotere, chonsecho njanji ikudutsa kuseri kwa mudzi wake.

Loweruka lapitali ndinamutenga mwana uja kukamuonetsa siteshoniyo. Tinapeza mabogi ataima padzuwa, ndipo iye anagwada, nagwira chitsulo cha njanji chotentha, n'kundifunsa kuti tikiti amagulitsira pati.