Ku Zomba ndi asuweni, nkhani yake ya control room

Loweruka lapitali ndinapita ku Zomba kukaona asuweni anga amene abwera ku holide kuchokera ku Cape Town. Iwowa ntchito yawo ndi yokonza masikirini ndi maalamu a mu control room, chipinda chija amakhalamo oyendetsa siteshoni ya magetsi usana ndi usiku, ndipo za nyukiliya amazitsata kwambiri poti siteshoni ya nyukiliya ya Koeberg, yomwe inayamba kupanga magetsi mu 1984, ili konko kufupi ndi kwawo.

Tinachita hayala Sienta yokwera ku Chawe, njira yokhotakhota ija, ana atanyamula timbale ta masitiroberi m'mbali mwa msewu. Pa dashibodi kanyale ka check engine kanali koyaka koma adalaivala anamatapo tepi yakuda, akuti "kameneka kamangoyaka bwana, osadandaula." Asuweni anandikodola nkuti vuto la ntchito yawo ndi limeneli, alamu ikamangolira pachabe munthu amaizolowera, tsiku lomwe yalira zenizeni palibenso woilabadira.

Titakhala pansi pa damu la Mulunguzi ndi pomwe anandifotokozera za ngozi ya pa siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island ku Pennsylvania, America, pa 28 March 1979. Valavu ina yotulutsira puresha inatseguka koma sinatsekekenso, madzi oziziritsa reactor, chipangizo chomwe chimatulutsa kutentha kwa nyukiliya, nkumathawira pomwepo kwa maola opitirira awiri. Kanyale ka pa bolodi kankaonetsa ngati yatsekeka, chonsecho kankangonena kuti lamulo loti itseke latumizidwa, osati kuti yatsekekadi. Maalamu oposa 100 analira m'mphindi zochepa, printer yolemba maalamuwo inatsalira m'mbuyo, nyale ina inabisika ndi kachikwangwani ka okonza makina, ndiye oyendetsa siteshoniyo poganiza kuti madzi achuluka anachepetsa madzi a pangozi, mpaka pafupifupi theka la mkati mwa reactor linasungunuka. Ine zinandikhudza kwambiri, chifukwa anthuwo sanali aulesi kapena osadziwa ntchito ayi, ankachita zomwe bolodi ikuwauza.

Ndinafunsa kuti asuweni, nanga pano mumatani? Akuti sikirini izionetsa chomwe chikuchitikadi pa chipangizocho, sensa ikhale pa valavu penipenipo. Maalamu amawasanja, ofunikitsitsa okha ndi amene amabwera patsogolo, ndipo zonse zikakhala bwino bolodi imayenera kukhala yozima kuti nyale imodzi ikayaka diso lithamangire pomwepo. Ngozi ija itachitika, ku America anakhazikitsa zoti pazikhala sikirini yapadera yoonetsa manambala ochepa okhudza chitetezo, monga puresha, kutentha ndi kuchuluka kwa madzi, onse pamalo amodzi.

Kwathu kuno uranium, amene amagwiritsidwa ntchito mu reactor, tili naye ku Kayelekera ku Karonga koma magetsi timadalira Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ine ndikuona kuti nzeru zimenezi zikufunikanso m'zipinda zathuzo ngakhale mulibe reactor.

Potsika tinadzera pa msika waukulu kugula mbatatesi, asuweni adakalongosolabe. Akuti sikirini yatsopano saingoika ayi, amayamba aitana ma operator, oyendetsa siteshoni aja, mu simulator, chipinda chofanana ndendende ndi chenichenicho, nkuwaponyera vuto mwadzidzidzi iwo ataima kumbuyo akulemba pomwe munthu wazengereza kapena wadina batani lolakwika. Akapeza malo oterowo amakakonza sikiriniyo nkuwaitananso kudzayesa.