Tsiku limene ndinagulitsa Boma pa Facebook

Amene muli ndi kasitika kaja pa WhatsApp, ka mnyamata wotong'ola maso, thukuta lili kamukamu, pansi pake atalembapo kuti "Njovu inaponda", dziwani kuti nkhope imeneyo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndine. Ndili ndi kashopu mumsika wa Kasungu. Ndimatchaja mafoni, kugulitsa matchaja ndi kuika nyimbo m'mamemore. Ndinali munthu wa ulemu wanga.

Chinandilowetsa m'mavuto ndi nsanje. Masiku ano ukangotsegula Facebook kapena TikTok, agogo ali ponseponse. Awa akuvina chimtali ndodo ili m'manja, awo alawa pizza koyamba n'kufunsa kuti chigumu chothira tomato anayambitsa ndani. Anthu amazikonda zimenezi, makamaka am'tauni amene kumudzi amangopitako pamaliro. Mnzanga wina wa pa Kamwendo ku Mchinji anajambula agogo ake akuimba nyimbo ya pamtondo, ndipo anthu a ku Joni anayamba kutumiza ya shuga. Ndinati iyeyu gogo ali naye mmodzi. Ine ndili nawo awiri, okwatirana chikwatiranirenicho mu 1969, ndipo amakangana tsiku ndi tsiku popanda wowalipira.

Loweruka lina ndinatseka shopu, ndinagula shuga, buledi, sopo ndi Sobo, ndinathira bandulo yonenepa, n'kukwera njinga yamoto msewu wa ku Nkhotakota. Kwathu ndi kuseri kwa Mtunthama, mudzi woti netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa nkhokwe ya agogo.

"Amunanga abwera!" anatero agogo aakazi atandionera patali. "Lero mwanditengera kanthu, kapena mwabweranso ndi mano okha?"

Agogo aamuna anali pampando wa ndalema. "Wafika wolanda akazi a eni uja. Khala pansi."

Titamwa thobwa ndinawafotokozera kuti ndikufuna kuwaonetsa pakanema wa pafoni, anthu aziwaona nthawi yomweyo iwo akulankhula. Agogo aamuna anafunsa kuti anthu ake angati. Ndinati ambiri. Anafunsa ngati a ku Wimbe adzaona. Ndinati eya. A ku Chamama? Ndinati ngakhale a ku Joni. Anakhala chete, anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako analowa m'nyumba. Ine mumtima ndinati madala achita mantha ndi zamakono. Anatuluka atavala jekete yawo ya ku Joni, tayi wofiira, chipewa ndi nsapato zimene amavala pa Khrisimasi ndi pamaliro a mfumu pokha.

Ndinaika mipando iwiri patsinde pa chulu. Foni ndinaimangirira kumunsi ndi linya, munsiwo n'kuuimika mumtondo, m'mbali n'kutsekera ndi zitsononkho. Ndinadina.

Nditangoti, "Agogo, alowa achemwali ena a ku Blantyre," madala anavula chipewa.

"Muli bwanji mayi? Mwawasiya bwanji kunyumba? Nanga mvula kumeneko?"

Anadikira yankho. Ndinati agogo, sayankha ndi pakamwa, amalemba. Anati ndiye alembe, iwo sakuthamangira kulikonse. Atalowa wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu anali Mbewe, ndiye panafunika kufufuza ngati ali Mbewe wa kwa Santhe kapena wa kwina, poti kwa Santhe kunakwatiwa mlongo wawo. Ndinayesa kuwauza kuti pa Facebook sitipereka moni kwa mmodzimmodzi. Anandiyang'ana modabwa. "Munthu walowa pakhomo pako, iwe ungomuyang'ana? Anakulera ndani?" Uku agogo aakazi ali kalikiliki kunong'oneza kuti alendo onsewa mphasa zikwana bwanji, ndipo kodi tigwire nkhuku iti. Bandulo yanga inkangopita ndi malonje.

Koma anthu anayamba kuchuluka. Tsono ndinafunsa funso limene ndinakonzekera, lakuti anadikirana bwanji nthawi ya ku migodi.

Agogo aamuna anakhala tsonga. Anati iwo ndege anakwera mu 1971, mayi anga ali kumsana. Analembetsa Wenela, ndege n'kuwatula ku Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku Joni, kukakumba golide pansi pa nthaka pomwe dzuwa silidziwika. Makalata ankalemba mwezi ndi mwezi. Apa agogo aakazi analowerera.

"Mwezi ndi mwezi kuti? A Phiri, musaname pamaso pa alendo. Ndipo ine kuwerenga sindinkadziwa, ankandiwerengera aphunzitsi a pasukulu. Akafika poti wokondedwa wanga ankatsokomola n'kulumpha. Ndinadzazindikira pambuyo kuti aphunzitsiwo ankandifuna."

"Mwamva a Nabanda? Nkhani imeneyi ndikuimva lero!"

"Munafunsa liti?"

Kenako anafika pa 1974, chaka chimene ndege yobweza anthu a ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa Wenela kulembanso anthu kuno. Kumudzi uthenga unafika pawailesi, wopanda mayina. Agogo aakazi anati anabereka mwana, kuyenda wapansi kuchokera ku Mtunthama mpaka kuboma kukafunsa ngati a Phiri analimo. Kalaliki anawayang'ana n'kuti, "A Phiri ake ati, mayi? Theka la Kasungu ndi a Phiri." Anabwerera osadziwa kanthu, ndipo anakhala osadya bwino kufikira kalata itabwera. Tsiku limenelo aphunzitsi sanatsokomole, anawerenga yonse. Atanena izi anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi bulangete lothetheka limene amuna awo anabwera nalo chaka chotsatira, n'kulifunyulula kuti alendo alione. Agogo aamuna anayang'ana kumbali, akunamizira kukonza tayi.

Pafoni timitima tinkangouluka. Ena ankalemba kuti akulira muofesi, ena kuti awaimbira agogo awo lero lomwe. Inenso m'maso munali mutalengeza. Ndiye panabwera uthenga wina umene ndinauwerenga mokweza, chifuwa chili patsogolo: "Mulungu adalitse mdzukulu wabwinoyu posamala agogo ake."

"Tabwereza," anatero agogo aamuna.

Ndinabwereza.

Anavala chipewa chija. "Zikomo. Tsono poti anthu mwasonkhana, pali kankhani. Mnyamata uyu anagulitsa Boma."

Apa ndiyenera kufotokoza. Boma inali mbuzi. Agogo anaigula ndi ndalama za Mtukula Pakhomo zimene ankasunga pang'onopang'ono, ndipo anaitcha dzina limenelo poti akuti ndi chinthu chokhacho cha boma chimene chinafikapo pakhomo pawo n'kugona. Mu 2023, mvula isanayambe, ndinaitenga n'kuwauza kuti ndikupita nayo kwa Chulu, kwa mnzanga amene ali ndi tonde wachizungu, kuti ikabereke ana akuluakulu. Kunena zoona shopu inali itauma, ndipo maganizo anga anali oti ndikagulitsa matchaja ndigula ina yofanana nayo. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, matchaja anakwera, mbuzi nazo zinakwera, ndipo kubweza kunakanika. Mwamwayi, mu 2022 anali atasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kubwera nazo kunkhalango ya Kasungu, ndipo mbali ya kwa Chulu anthu ankadandaula kuti zikutuluka n'kumaononga m'minda. Ndinangoti njovu inaponda. Nthawi imeneyo agogo aamuna anangoti pepa, ndipo agogo aakazi anapemphera kuthokoza kuti ine ndinapulumuka.

"Akuti njovu inaponda," anapitiriza madala, akuyang'ana foni mwaulemu. "Chabwino, njovu imaponda. Koma inu anthu ophunzira tandiuzani. Njovu ikaponda mbuzi, imasenda chikopa bwinobwino n'kukachiyanika kuseri kwa chiwaya pa Mtunthama? Chikopa chakuda, banga loyera pamsana. Ndinachiona ndi maso angawa. Wachiwaya anandiuza wogulitsa, anandiuza ndi mtengo womwe. Ndinagulako ya K500. Ndinadya Boma langa lomwe, ndi tsabola."

"Agogo," ndinanong'ona, "nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Mlandu suola. Ndinkasowa mboni. Kwa amfumu kumabwera anthu khumi, atatu ogona. Iwe wandibweretsera angati?"

Ndinasuzumira pafoni. Anali atadutsa 900.

Ndinalumpha kuti ndikazimitse. Chala chinali chonyowa ndi thukuta, ndipo m'malo mozimitsa chinatembenuza kamera. Dziko lonse linaona nkhope yanga pafupi, maso ali tong'o. Pomwepo ndi pamene wina wopanda chisoni anajambula chithunzi chija. Pofuna kukonza ndinagunda mtondo, munsi unapendekeka n'kundigwera pachala chachikulu cha kuphazi, ndipo mawu amene ndinatulutsa sindingawalembe pano, poti ndine wa kwaya. Foni sinazime. Zinthu zimene ndimagulitsa ine zimafa pakangopita sabata, koma tsiku limenelo chilichonse chinagwira ntchito mokhulupirika.

"Amunanga, musathamangitse alendo asanadye," anatero agogo aakazi, atapingasa ndodo yawo pakati pa ine ndi mtondo.

Kamsuweni kanga ka sitandade 7, kamene nthawi yonseyi kanali phee pambali, kanadzutsa munsi, kubweza kamera, n'kudzipatsa ntchito yowerenga mauthenga. Kamawerenga bwino kamwana kameneko, mokweza, mosadumpha liwu. "Akuti abweze." "Akuti amangidwe." "Akuti njovu ikasume kukhoti poipitsiridwa mbiri." Olowa mochedwa anangomva zoti wina wagulitsa Boma, ndiye anayamba kufunsa kuti ndi wa chipani chanji, ndipo anthu awiri anatukwanizana za ndale kwa nthawi ndithu asanauzidwe kuti nkhani ndi ya mbuzi.

Kenako kanawerenga uthenga waufupi: "Tikumva bambo, pitirizani." Katatchula dzina la wolemba, phazi linasiya kuwawa. Anali amalume a chibwenzi changa, a ku Mkanda ku Mchinji, eni mbumba, amene tinkayembekeza kukakumana nawo pachinkhoswe. Mtsikanayo, ponyadira kuti akukwatiwa ndi munthu wokonda agogo ake, anali atatumiza kanemayo kugulu la WhatsApp la kubanja kwawo pomwe ankayamba.

Agogo anavulanso chipewa. "Muli bwanji asewere? Mwafika nthawi yabwino."

Chigamulo sichinachedwe. Madala anawerengera pazala kuti Boma ikanabereka kangati, ana akewo akanaberekanso angati, mpaka anafika pa mbuzi zisanu ndi ziwiri. Agogo aakazi ndiwo anandipepesera. "A Phiri, chitani chifundo. Mwamuna wangayu ndi wosauka, taonani nsapato zake." Kamsuweni kaja kanaloza kamera kunsapato. Anatsitsa kufika pa zitatu, ndipo anthu a pa Facebook anavomereza ndi tizala tawo.

Ena anayamba kufunsa nambala kuti atumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule yanga, poti agogo alibe foni. "Ya uyu ayi!" anakuwa madala. Ndipo munthu amene amaiwala pomwe waika fodya wake wa m'mphuno anatchula pamtima nambala yonse ya mkulu wa mpingo, kawiri, mosaphonya.

Batire linatha dzuwa litapendeka. Nkhuku ija anaphadi, akuti alendo anabwera ndithu ngakhale sanakhale pansi. Ndinadya mutu uli pansi, agogo aakazi akundiikira chiwindi ndi nthutumba m'mbale mwanga.

Lolemba mumsika palibe anandiitana dzina langa. Amayi a tomato ankati a Boma, anyamata a kabaza akandiona ankalira ngati njovu. Makasitomala anachuluka, n'zoona, koma ambiri ankabwera kudzayerekeza nkhope ndi sitika, ndipo wosiya foni kuti itchajidwe ankayamba walemba nambala ya batire lake papepala. Mbuzi zitatu zija ndinabweza pang'onopang'ono, mkulu wa mpingo akulemba m'kope. Agogo anazitcha Facebook, Bandulo ndi Njovu. Ndi ndalama za anthu aja anakhoma malata pakhitchini n'kugula foni yawoyawo, imene amasunga kamsuweni kaja. Tsopano Loweruka lililonse amakhala pachulu kupereka moni kwa dziko, ndipo owatsatira ndi ochuluka kuposa a mnzanga wa pa Kamwendo uja. Ine anandiletsa kuyandikira mtondo.

Chinkhoswe chinachitika ndithu, ku Mkanda, ngakhale mtsikana anakhala masiku angapo osandiyankha foni. Zonse zinayenda bwino mpaka nthawi yosinthana nkhuku. Ankhoswe akwathu anapereka tambala. Amalume aja anamulandira, anamutembenuza uku ndi uku, anamuyang'ana kumapazi, kumapiko, kenako anayang'ana ine.

"Tisanalandire," anatero, "tambalayu mwini wake akudziwa kuti ali kuno?"

Anthu anagwa nako kuseka. Agogo aamuna, ali pampando wakutsogolo mujekete yawo ya ku Joni, anakweza dzanja.

"Landirani asewere, musaope. Ameneyo ndamugulitsa ndine, mtengo wa atambala awiri, ndipo ndalama ndinalandiriratu asanamugwire."