Phazi lam'mbuyo la woponya baseball lisafulumire kuchoka pansi

Anthu akamaonera woponya mpira wa baseball, maso onse amakhala pa mkono. Koma liwiro limayambira pansi, pa phazi lam'mbuyo lomwe latsamira raba, kachidutswa koyera kokhazikidwa m'dothi pomwe woponya amaponyera: lamanja kwa woponya ndi dzanja lamanja, lamanzere kwa wamanzere. Rabayo ndi ya masentimita 61 m'litali ndi 15 m'lifupi, ili pa kachulu kokwera masentimita 25, mamita 18.44 kuchokera pa home plate, pomwe womenya mpira amaima.

Phazi ligone motsatira raba, mbali yake yakunja itagunda m'mphepete mwa kutsogolo. Musaliike pamwamba, chifukwa zisonga za nsapato sizigwira bwino pa raba. Pakakumbika dzenje pamenepo, kwirirani ndi kutsendera musanayambe, apo ayi kakolo amapendekeka mpira usanachoke n'komwe m'gulovu.

Nkhani yaikulu ili pa chidendene. Mwendo wakutsogolo ukakwera, chiuno n'kuyamba ulendo wolunjika kwa wowakha mpira, yemwe amakhala kuseri kwa home plate, phazi lam'mbuyo likhalebe lonse pansi: chidendene, pansi pa chala chachikulu ndi pansi pa chaching'ono. Matako abwerere pang'ono ngati munthu wofuna kukhala pa mpando, bondo lisapitirire zala. Mukatero mphamvu imachokera m'matako ndi kuseri kwa ntchafu. Chidendene chikanyamuka msanga, thupi limalemerera ku zala, bondo n'kulowera ku third base, mbali yomwe woponya wamanja amayang'ana akatsamira raba, ndipo phazi lakutsogolo limakatera kumbali, n'kutsekera chiuno njira. Kwa ena bondo limagwera mkati nthawi isanakwane, chiuno ndi mapewa n'kutsegukira pamodzi. Apo mkono umatsala wokha ndi ntchito yonse, ndipo chigongono ndi phewa ndizo zimalipira.

N'chifukwa chake sindikonda kumva mphunzitsi akukuwira mwana kuti "kankha raba!" Mwana amamva ngati akumuuza kuti adumphe, ndiye amawongola bondo, thupi n'kukwera m'malo motsika ndi kachulu. Tom Seaver, yemwe anali woponya wa timu ya New York Mets, ankatsika mpaka bondo lamanja kuda ndi dothi, koma chinkamufikitsa kumeneko ndi miyendo yamphamvu ndi phazi logwira nthaka. Kutengera bondo lokhalo n'kungodziphwetsa mphamvu.

Phazi lakutsogolo likatsala pang'ono kutera, chiuno chimayamba kutembenuka, mapewa akadali otseka. Apa m'pamene chidendene chimanyamuka, phazi n'kugubudukira pa chala chachikulu mpaka zingwe za nsapato kuyang'ana pansi. Silitembenuzidwa mwadala, limakokedwa ndi chiuno. Kwa akatswiri, mtunda wochoka pa raba kufika pomwe latera lakutsogolo umakhala pakati pa 80 ndi 90 peresenti ya msinkhu wawo.

Pokokedwapo, chala chimalemba mzere m'dothi, n'chifukwa chake nsapato za oponya zimakhala ndi chigamba kunsonga. Mzerewu muziuwerenga. Salazani dothi, ponyani mipira isanu, kenaka yang'anani. Ngati mizere yagwera pamodzi ndipo ikulowera cha ku home plate, zili bwino. Ikamwazikana, ndiye kuti kaponyedwe kakusintha mpira uliwonse. Ngati palibe mzere uliwonse, jambulani ndi foni kuchokera kumbali muone ngati phazi likuuluka lakutsogolo lisanatere. Musamuuze woponya kuti akhwekhwereze chala dala kuti mzere utalike, chifukwa zimamangirira chiuno. Konzani chidendene, mzere ubwera wokha.

Malamulo nawonso ali ndi mawu. Woponya wina wa ku America, Carter Capps, ankadumphira kutsogolo ndi phazi lam'mbuyo asanaponye, motero ankafupikitsa mtunda wofika kwa womenya. Mu 2017 MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, idaletsa kutenga sitepe yachiwiri kapena kupondanso kachiwiri ndi phazi limeneli. Kukhwekhwereza n'kololedwa, koma mukalinyamula n'kukankhiranso pamalo ena, woyimbira amagamula balk ngati pa base (malo oimapo othamanga) pali wothamanga; balk ndi chilango chopititsa wothamangayo pa base yotsatira.